Sheki m'malo mwa nsima: nkhani ya anyamata a zitsulo ku Kroondal

Ukachoka mumzinda wa Rustenburg kulowera chakum'mawa pa msewu wa N4, sipatenga nthawi kuti ufike ku Kroondal. Ndi kamudzi ka nkhope ziwiri. Mbali ina kuli tchalitchi chakale cha Lutheran chomwe alimi a Chijeremani anamanga mu 1896, sukulu yomwe mpaka lero imaphunzitsa Chijeremani, ndi minda yothirira. Mbali inayo kuli milu italiitali ya dothi lotuwa lochokera m'migodi ya platinamu ndi kromu, malole a miyala omwe sagona, ndi Ikemeleng, komwe mikhukhu ya malata inachita kuthithikana. Amalawi ambiri a kuderali amagona mbali yachiwiriyi, ngakhale ena mwa iwo amalawirira mbali yoyambayo kukatchetcha kapinga ndi kuthirira maluwa.

M'makomboni otere, ukamva zitsulo zikugundana kuseri kwa nyumba chakumadzulo, dziwa kuti anyamata ali pa jimu. Aliyense wokulira ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi sangasochere: benchi yowotcherera, paipi yaitali, simenti youmitsa m'zitini za penti, ndi zitsulo zakale za galimoto zomwe palibe amene amadziwa kulemera kwake kwenikweni. Zonsezi n'zakale. Chachilendo ndi kabotolo kapulasitiki komwe kamakhala pambali pa benchi. Mnyamata akatsitsa chitsulo komaliza, amathiramo ufa wochokera m'chigubu chachikulu chojambulidwa mwamuna wadzitho, n'kuwonjezera madzi, n'kukhutchumula, n'kumwa ali chiimire. Imeneyo ndiye sheki. Ena amamwa pongowonjezera pa chakudya, koma alipo ambiri amene amaiyesa nkhomaliro, ndipo ena afika poiyesa nkhomaliro ndi mgonero womwe.

Funso lomwe limavuta pa mabwalo amenewa n'lakuti kodi munthu wofuna kukula minofu angamamwe zimenezi m'malo mwa chakudya? Yankho langa ndi lakuti angathe, kamodzi patsiku, pa nthawi imene mphika sungatheke. Kupitirira apo ndiye kuti akulemeretsa mwini sitolo. Koma kuti timvetse chifukwa chake ufa umenewu wagwira msika pakati pa anthu osauka chonchi, tiyenera kuyambira kutali pang'ono.

Agogo athu anamwapo kale

Chakudya chakumwa si chachilendo kumigodi ya ku Joni. Amalawi amene anapita pa Wenela, omwe pofika 1973 anali oposa 100,000, ankagona m'makomboni a kampani ndipo ankadya za kukhitchini ya kampani. Pa zakudyazo sipankalephera mahewu, chakumwa cha ufa wa chimanga chowawasa pang'ono, chachibale ndi thobwa lathu. Eni migodi anaona kuti munthu amene wakhala pansi pa nthaka maola ambiri alibe nthawi yotsuka m'manja ndi kutema mbamu, koma akhoza kugugudiza chikho n'kubwerera pa ntchito. Phala la mapira la Morvite, lomwe lero lili m'sitolo iliyonse ya ku South Africa, linayamba ngati chakudya chopatsa anthu a m'migodi pakati pa shifiti. Ngakhale kundende ya Robben Island, Nelson Mandela anasimba kuti akaidi achikuda ankapatsidwa phuzamandla, ufa wa chimanga wosakaniza ndi yisiti wosungunula m'madzi, ndipo nthawi zambiri unkakhala wochepa kwambiri moti madziwo ankangosintha mtundu.

Nkhani ya Amalawi m'migodimo inasokonekera mu April 1974, pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu. Ntchito inayambiranso mu 1977 pansi pa bungwe la TEBA, koma sinabwererenso mwakale, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anthu pafupifupi 13,000 anabwezedwa kumudzi pa mkangano wa kuyezetsa HIV. Lero amene amatsika m'migodi ya kuzungulira Rustenburg ambiri ndi ochokera ku Eastern Cape, ku Lesotho, ku Mozambique ndi eni dera a Chitswana. Mmalawi amapezeka m'mphepete: ndi mlonda, womanga, wowotcherera, telala, wa m'munda, wokweza katundu.

Chinasinthanso china chachikulu. Tsankho litatha, makampani anayamba kupatsa antchito ndalama yokakhalira kunja kwa hostelo. Ambiri anailandira ndalamayo, n'kupeza mkhukhu wotchipa, yotsalayo n'kutumiza kumudzi. Umu ndi mmene midzi ya malata inafalikira kuzungulira migodi, kuyambira Ikemeleng mpaka Nkaneng ku Marikana, komwe apolisi anapha antchito 34 pa 16 August 2012. Anthu amakumbukira za R12,500 yomwe antchitowo ankafuna. Chimene sichitchulidwa kawirikawiri n'chakuti munthu atatuluka mu hostelo anasiyanso khitchini. Anatsala ndi kambaula ka parafini kapena kachitofu ka mbale imodzi, opanda firiji, opanda womuphikira, akuweruka atatheratu. Mnyamata wotereyu akauzidwa kuti muli nkhomaliro yathunthu m'kasupuni kamodzi ka ufa, yosafuna moto, yosafuna kutsuka mbale, amamvetsera. Kusiyana kwake ndi agogo ake n'kwakuti iwo mahewu ankapatsidwa ndi bwana, pomwe iye sheki amagula yekha, ndipo amagula modula.

Nanga n'chifukwa chiyani munthu wotopa kale amakanyamulanso zitsulo? Ena n'kukonda chabe, ndipo palibe cholakwika. Koma kwa ambiri thupi ndi ntchito. Wolemba alonda kapena mabaunsa a pamalo omwera amayamba wayang'ana chifuwa asanafunse mapepala. Ndipo ntchito kuderali sizikhalitsa. Mgodi wa Kroondal unatsegulidwa ndi kampani ya Aquarius Platinum mu 1999, n'kugulidwa ndi Sibanye mu 2016. Mitengo ya miyalayi itagwa mu 2023, Sibanye-Stillwater inalengeza mu October chaka chomwecho kuti anthu oposa 4,000 akhoza kukhudzidwa ndi kuchepetsa antchito, ndipo shafiti ya Simunye ya ku Kroondal inali pa mndandandawo. Mgodi ukachepetsa anthu, amene amasoka mayunifolomu, kumanga zipinda za lendi ndi kulondera pageti amamva kuwawa mwezi womwewo.

M'zigubumo muli chiyani?

Chisokonezo choyamba chili pa shelefu. Ukalowa mu Dis-Chem kapena Clicks ku Rustenburg, zigubu za USN, Biogen, Evox ndi ena zimaoneka zofanana, koma muli zinthu zitatu zosiyana kwambiri, ndipo anyamata ambiri amazitchula zonse kuti sapulimenti basi.

Choyamba ndi whey, ufa wa mapuloteni wochokera ku madzi amene amatsala popanga tchizi. Kasupuni kamodzi kamapereka magalamu 20 kapena kuposerapo pang'ono a zomanga thupi, koma mphamvu zake n'zochepa. Ameneyu si chakudya, ndipo opanga ake sanena kuti ndi chakudya. Chachiwiri ndi chomwe amachitcha mass gainer, chigubu chachikulu chotchipirapo, chomwe anyamata owonda amachithamangira. Mbali yaikulu ya ufa umenewu ndi maltodextrin, sitalichi wa chimanga wophwanyidwa kuti alowe m'magazi msanga ngati shuga. Kunena mosabisa, munthu wochokera kudziko la chimanga amalipira ndalama zambiri kugula chimanga chonunkhira vanila. Chachitatu ndicho cholowa m'malo mwa chakudya chenichenicho: muli zomanga thupi, zopatsa mphamvu, mafuta pang'ono, mavitamini ndi michere.

Chachitatuchi sichinabadwire pa jimu. Metrecal, yomwe kampani ya Mead Johnson inatulutsa ku America mu 1959, inali ya anthu ofuna kuchepetsa thupi. Ensure, ya mu 1973, inali ya odwala osatha kudya bwino. Onyamula zitsulo anadzalowa mochedwa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene dokotala wina wa ku America, Scott Connelly, anayamba kugulitsa MET-Rx, ndipo ku South Africa msika unakula Albé Geldenhuys atayambitsa USN ku Pretoria cha m'ma 2000. Mbiri imeneyi ili ndi ntchito. Muyezo wa Codex, womwe mabungwe a FAO ndi WHO amayendetsa, umati chakudya cholowa m'malo mwa nkhomaliro imodzi kwa wochepetsa thupi chikhale ndi makalori pakati pa 200 ndi 400. Mwamuna amene wakhala tsiku lonse akusakaniza konkire kenako n'kukanyamula zitsulo amafuna makalori 3,000 kapena kuposa. Akalumpha nsima ya masana n'kumwa sheki ya makalori 250, wadzimana, ngakhale walipira zambiri. Pakatha miyezi iwiri amadabwa kuti sikelo ikutsika ndipo chitsulo chomwe ankakweza kasanu akuchilephera kachitatu. Powerenga pa chigubu muzikumbukira kuti ku South Africa amalemba mphamvu mu kJ. Gawani nambalayo ndi 4.2 kuti mupeze makalori. Ambiri amaona 1,000 kJ n'kuganiza kuti akhuta, pomwe ndi makalori osafika 240.

Masamu ake

Thupi limafuna zomanga thupi zochuluka bwanji? Apa pali yankho lodalirika. Mu 2018 akatswiri a pa yunivesite ya McMaster ku Canada, motsogozedwa ndi Robert Morton ndi Stuart Phillips, anaphatikiza zotsatira za kafukufuku 49 wokhudza anthu 1,863 onyamula zitsulo, n'kuzisindikiza mu British Journal of Sports Medicine. Anapeza kuti kuwonjezera mapuloteni kumathandizadi, koma phindu lake limalekera pa magalamu pafupifupi 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku. Anapezanso china chomwe ogulitsa satchula: pa avereji, amene ankamwa zowonjezera anaposa anzawo ndi minofu yolemera pafupifupi magalamu 300 okha. Mbali yaikulu ya kukula inachokera ku chitsulo chenichenicho. Zili ngati feteleza: amathandiza m'munda wolimidwa ndi kupaliridwa, koma ukathira matumba anayi pa malo ofuna awiri, nkhokwe sidzaza kawiri, ndipo ukamwaza pa tsala umangodyetsa udzu.

Tiyeni titenge mnyamata wa makilogalamu 70. Akufunika magalamu pafupifupi 112 patsiku. Mazira atatu owiritsa m'mawa ampatsa 18. Theka la lita ya amasi, mkaka wowawasa womwe kwathu timati chambiko, limpatsa 16. Theka la chitini chachikulu cha nsomba za pilchards limpatsa pafupifupi 30. Kapu ya nyemba zophika ili ndi 15. Nsima ya masana ndi madzulo, yomwe ambiri amaiyesa yopanda kanthu, imabweretsa 20 kapena kuposa, ngakhale kuti mapuloteni a chimanga ndi operewera pa okha ndipo amakwanira akakumana ndi nyemba, nsomba kapena mkaka. Mtedza wodzaza dzanja uwonjezera 8. Tafika kale pa 107 osatsegula chigubu chilichonse. Akakhala ndi mwayi woti matransipota amubweretsera usipa kuchokera ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay, ndiye wapambana, chifukwa usipa wouma kuposa theka la kulemera kwake ndi zomanga thupi, ndipo umadyedwa ndi minga yomwe, momwe muli kashiamu. Soya pieces, zomwe ana a sukulu zogonera amazinyoza, zili pafupifupi pomwepo.

Ndiye pali nkhani ya mtengo. Boma la South Africa silidula msonkho wa VAT pa ufa wa chimanga, mazira, mkaka, amasi, nyemba zouma, buledi wabulawuni ndi pilchards za m'chitini. Pa sapulimenti limadula 15 peresenti yonse. Komanso kuyambira mu 2003 lamulo limakakamiza opanga ufa wa chimanga ndi wa buledi kuthiramo mavitamini, ayironi ndi zinki, kutanthauza kuti ina mwa michere yomwe chigubu chimadzitamandira nayo ili kale m'thumba la ufa la pa spaza, kagolosale ka m'komboni. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka omwe anayamba mu March 2025 anali R28.79 pa ola, kapena kuti R230 pa tsiku la maola 8, ndipo tonse tikudziwa kuti wopanda mapepala nthawi zambiri salandira ngakhale imeneyo. Chigubu cha whey cha makilogalamu awiri chimayandikira kapena kupitirira R1,000. Ndi thukuta la masiku anayi kapena kuposa. Ndalama yomweyo ikanagula mathireyi angapo a mazira, n'kutsalako ina yotumiza kwa amayi kumudzi. Amene amafika potenga katapila kwa mashonisa kuti agule chigubu, ameneyo afunika achibale amukhazike pansi.

Komabe tisanamizane, sheki ili ndi malo ake, ndipo amene amainyoza kotheratu sanagwirepo shifiti ya maola 12 pageti. Mlonda wa usiku sangasiye geti kukaphika nyemba. Woyendetsa makina pansi pa mgodi sangatenge mphika. M'chilimwe cha ku North West, chakudya chophika m'mawa chimatha kusasa pofika masana, ndipo mu 2023, chaka chomwe magetsi anazimazima kwambiri m'mbiri ya dzikolo, ngakhale a firiji anataya ndiwo. Ufa wouma suwola. Pa nthawi ngati imeneyo, chimene sheki ikupikisana nacho si nsima ya nkhuku, koma magwinya (mandasi) awiri ndi botolo la chakumwa cha shuga, kapena kusadya kumene. Pamenepo sheki yapambana. Imathandizanso mnyamata wowonda amene mimba yake imakhuta msanga, chifukwa chakumwa sichikhalitsa m'mimba ngati chotafuna, choncho akhoza kuwonjezera makalori 300 mpaka 500 omwe amafunika kuti thupi likule popanda kudzikakamiza mbale yachitatu. Chomwechonso ndi chifukwa chake wofuna kuchotsa chimimba ayenera kusamala: akamwa, pakangopita ola njala yabweranso.

Za kuthamangira kumwa mphindi 30 zisanathe chimalizireni jimu, musadzivute nazo. Kafukufuku wa zaka zaposachedwa, kuphatikizapo wa Brad Schoenfeld ndi Alan Aragon wa mu 2013, anaonetsa kuti chofunika kwambiri ndi kuchuluka kwa zomwe wadya tsiku lonse. Kugawa zomanga thupi katatu kapena kanayi patsiku, magalamu 20 mpaka 40 nthawi iliyonse, n'kokwanira. Ukafika kunyumba n'kudya mgonero wabwino, minofu sinathawe.

Zomwe wogulitsa sakuuza

Choyamba ndi mimba. Akuluakulu ambiri a kuno ku Africa matupi awo sagaya bwino lactose, shuga wa mumkaka. Whey wotchipa ndi ma mass gainer ambiri amakhala naye, ndipo zotsatira zake ndi kutupa mimba, mpweya ndi kutsegula. Pa jimu amalimbikitsana kuti ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito. Ayi ndithu, ndi chakudya chikungodutsa. Amasi amavuta pang'ono chifukwa kuwawasa kumachepetsako shugayo. Mbali inayo, amene wasiya masamba, nyemba ndi zipatso n'kumangomwa, amadzimbidwa, popeza m'chigubu gaga ndi wochepa.

Chachiwiri n'chakuti zolembedwa kunja si nthawi zonse zimafanana ndi zam'kati. Njira yofala yoyezera mapuloteni imayeza nayitrojeni, ndipo achinyengo amadziwa kuthiramo zinthu zotchipa zokweza nambala. Ndi chinyengo chomwechi, chochitidwa ndi melamine, chomwe chinapha makanda 6 ndi kudwalitsa ena pafupifupi 300,000 ku China mu 2008. Palinso zoopsa kuposa kuchepa. Labotale ya ku Cologne ku Germany, mothandizidwa ndi International Olympic Committee, inayeza masapulimenti 634 ogulidwa m'maiko 13, ndipo lipoti lake la mu 2004 linati pafupifupi 15 pa 100 alionse anali ndi masteroidi osalembedwa pa chigubu. Ku South Africa komweko, osewera ragibi a Springboks awiri, Chiliboy Ralepelle ndi Bjorn Basson, anabwezedwa kuchokera ku Ulaya mu November 2010 atapezeka ndi mankhwala oletsedwa a methylhexaneamine. Pambuyo pake anapezeka osalakwa chifukwa mankhwalawo anali mu sapulimenti yomwe timu yomweyo inawapatsa. Ngati timu ya dziko, yokhala ndi madokotala ake, inagwa m'mbuna imeneyi, kuli bwanji mnyamata wogula ufa wopimidwa m'kajumbo kopanda dzina kuseri kwa renki ya matekisi? Bungwe la SAIDS, lomwe limayang'anira za mankhwala oletsedwa m'masewero m'dzikomo, lakhala likuchenjeza za zimenezi kwa zaka zambiri. Ngati mwaganiza zogula, gulani chigubu chomata bwino, m'sitolo yodziwika, ndipo chikhale ndi chizindikiro cha oyeza odziimira paokha monga Informed Sport.

Chachitatu ndi chimene ndikufuna chimveke kwambiri, chifukwa sichikambidwa pa jimu. Dera la migodi lili ndi anthu ambiri omwe ali pa ma ARV, ndipo ambiri mwa iwo ndi amphamvu zawo, amanyamula zitsulo ngati wina aliyense. Kuyambira 2019, Malawi ndi South Africa anasamukira ku mankhwala a TLD, momwe muli dolutegravir. Mankhwala amenewa amagwirana ndi kashiamu, ayironi ndi magineziyamu m'mimba, ndipo zikatero ochepa okha ndi amene amalowa m'magazi. Masheki olowa m'malo mwa chakudya amathiridwa michere yomweyi mwadala. Malangizo a mankhwalawa pa zowonjezera zotere ndi akuti munthu amwe piritsi maola awiri asanamwe zowonjezerazo, kapena maola 6 atamwa, pokhapokha a chipatala atamulangiza mwina. Choncho amene ali pa mankhwala asamezere piritsi lake sheki. Atenge chigubucho, kapena achijambule pa foni, akawaonetse anamwino kukiliniki. Chimodzimodzi amene akumwa mankhwala a TB, omwe amalemetsa kale chiwindi, ndi amene ali ndi shuga kapena BP. Kwa munthu wa impso zabwino, kafukufuku sanaonetse kuti mapuloteni ochuluka chonchi amawononga. Vuto n'lakuti matenda a impso amayamba mwakachetechete, ndipo ambiri sanayezetsepo. Wogwira ntchito padzuwa kapena pamalo otentha azimwanso madzi okwanira. Sheki si madzi.

Pali ndi ena amene amabwera ndi sheki m'dzanja limodzi, fomu m'dzanja linalo. Amakuuzani kuti mukamwa muchepa kapena munenepa, malinga ndi chomwe mukufuna kumva, kenako amati mukhozanso kulemera mukamagulitsa kwa anzanu a kutchalitchi. Kampani yotchuka pa malonda otere ndi Herbalife, yomwe Mark Hughes anayambitsa mu 1980. Mu 2016 inavomera kulipira madola 200 miliyoni ndi kusintha kachitidwe kake ka malonda ku America, bungwe la boma la Federal Trade Commission litapeza kuti ochuluka mwa ogulitsa ake ankapeza zochepa kwambiri kapena osapeza kanthu. Sheki yawo yodziwika inapangidwira ochepetsa thupi, ndipo kasupuni kake pakokha kali ndi zomanga thupi zochepa poyerekeza ndi zomwe wa zitsulo akufuna. Mlongo wanu akakubweretserani, mulandireni mwaulemu, koma muwerenge kaye manambala.

Ya pakhomo

Chodabwitsa n'chakuti Amalawi ndife akatswiri pa chakudya chotere, kungoti timachiona ngati cha ana ndi odwala. Likuni Phala, ufa wa chimanga wosakaniza ndi soya, wakhala akulera ana a ku Malawi kwa zaka zambiri. Chiponde cha kuchipatala, chomwe Mark Manary ndi anzake anayesa ku Blantyre kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 potengera nzeru ya André Briend wa ku France, chinasintha kachiritsidwe ka ana onyentchera pa dziko lonse. Chimenecho n'cha ana odwala, ndipo bambo wandevu amene amagula mapaketi ake pamsika kuti akule akatumba akuba mankhwala a mwana. Koma nzeru yake ndi yaulere: mtedza, mkaka, soya ndi chopatsa mphamvu.

Thirani theka la lita ya amasi kapena mkaka m'botolo la kukamwa kwakukulu. Onjezerani masupuni awiri a chiponde cha m'sitolo, masupuni atatu a ufa wa soya wokazinga, nthochi yakupsa yofinya ndi foloko, ndi Morvite kapena oats pang'ono. Khutchumulani. Mwapeza magalamu pafupifupi 35 a zomanga thupi ndi makalori oposa 600, kuposa zomwe masheki ambiri a m'sitolo amapereka, pa mtengo wochepa kwambiri. Soya akhale wokazinga kapena wophika, chifukwa wamuwisi ali ndi zinthu zolepheretsa thupi kugaya mapuloteni. Mtedza ukhale wosankha bwino. Chuku si nkhani ya kumudzi kokha, popeza kumayambiriro kwa 2024 mitundu ingapo ya chiponde inachotsedwa m'masitolo a ku South Africa itapezeka ndi poizoni wa aflatoxin wopitirira muyezo. Ndipo za kuswera mazira aawisi m'botolo zisiyeni. Kafukufuku wa ku Belgium wa mu 1998 anapeza kuti thupi limatenga pafupifupi theka lokha la mapuloteni a dzira laliwisi, pomwe lophika limatenga oposa 90 pa 100 alionse. Kuwonjezera apo dzira laliwisi likhoza kukupatsani matenda otsegula m'mimba. Kuipa kwa sheki ya pakhomoyi n'kumodzi: siikhalitsa pa kutentha, ndiye imafunika kumwedwa m'maola ochepa. Apa pokha ndi pomwe ufa wa m'chigubu umaiposa.

Mahewu ndi thobwa nazo zili ndi ntchito yake, makamaka musanayambe kunyamula kapena pakati pa ntchito yolemetsa, koma muzidziwa kuti zimapereka mphamvu, zomanga thupi zili ndi zochepa kwambiri. Amene amamwa katoni ya Mageu n'kumati wamwa puloteni akudzinamiza.

Chotsala ndi chomwe sichigulitsidwa m'sitolo iliyonse. Minofu imakula munthu akamawonjezera kulemera kwa chitsulo pang'onopang'ono, sabata ndi sabata, ndiponso akamagona mokwanira. Wa shifiti ya usiku amene amagona maola anayi mu mkhukhu wotentha, wailesi ya aneba ikulira, vuto lake lalikulu si kusowa whey. Ngakhale zonse zitayenda bwino, woyamba kumene amawonjezera minofu yosapitirira kilogalamu imodzi pamwezi, ndipo chaka chachiwiri liwiro limatsika. Mukaona mnzanu wafufuma mapewa m'miyezi iwiri, nkhope yatupa, msana wadzaza ziphuphu, musafunse dzina la sheki yake. Chimene akugwiritsa ntchito chimabwera mu jakisoni, ndipo chimawononga mtima, chiwindi ndi mphamvu ya m'banja.

Tsono achimwene a ku Ikemeleng, ndi inu nonse a ku Joni amene mwezi ukatha mumaima kutsogolo kwa shelefu ija: yambani mwagula mazira, nyemba, amasi, nsomba ndi masamba a mwezi wonse. Tumizani ya kumudzi. Ikatsala, ndipo ngati pa tsiku lanu pali nthawi imodzi yomwe simungathe kuphika kapena kunyamula chakudya, gulani chigubu chomata, muwerenge magalamu ndi ma kJ, muzimwa nthawi imeneyo yokha. Ngati muli pa mankhwala alionse a tsiku ndi tsiku, pitani nacho kaye kukiliniki musanachitsegule.